Njira Zosokera Quilt Yaikulu Yachikale pa Makina M'miyezi Yachisanu

Munthu akamaliza kulumikiza nsalu yapamwamba ya quilt yaikulu, tinene ya masentimita 230 m'lifupi ndi 250 m'litali, mtima umakhala pansi ngati ntchito yatha, pamene gawo lolemera kwenikweni likadali kutsogolo. Quilt ndi chofunda cha magawo atatu osanjikizana, omwe ndi nsalu yapamwamba, chapakati chofewa cha thonje kapena cha ubweya wa nkhosa, ndi nsalu yapansi. Chimene chimagwira magawo atatuwa kuti akhale chinthu chimodzi ndi misoko yoboola onse atatu, ndipo m'zofunda zakale za ku Britain ndi ku America misoko imeneyi ndiyo inali kuonetsa luso la mwini ntchito. Pali njira zingapo zosokera misoko yotere pa makina, ndipo maganizo anga ndi akuti njira yoyenera imadziwika poyang'ana mtundu wa chofunda chakale chimene munthu akutsanzira, osati poyang'ana njira imene ikuoneka yachangu.

Nyengo yachisanu ya kumpoto kwa dziko lapansi, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, imaikonda ntchito imeneyi ndipo imaivutitsanso. Imaikonda chifukwa munthu amakhala m'nyumba madzulo aatali, ndipo chofunda cholemera chimene chili pamiyendo chimamufunditsa pamene akusoka, chinthu chimene m'mwezi wa Julaye kumeneko chikanakhala chizunzo. Imaivutitsa chifukwa cha mdima. Ku London, chakumapeto kwa Disembala, kuwala kwa tsiku sikukwana maola 8 ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, pamene ku Durham, kumpoto kwa England, kuwalako kumangopitirira pang'ono maola 7. Amene anazolowera chisanu cha Juni ndi Julaye kwathu, pomwe masana dzuwa limawalabe ndipo nsalu yochapa imauma tsiku lomwelo, amadabwa kuona mazenera otsekedwa miyezi itatu ndi zochapa zosauma. Zimenezi zimakhudza njira iliyonse imene tikambe pano.

Chofunika kuvomereza poyamba ndi chakuti makina sangatulutse msoko wa dzanja. Singano ya dzanja imalowa n'kutuluka, kusiya kampata pakati pa sitichi ina ndi inzake, kotero mzere wake umaoneka ngati timadontho tofola. Makina amakola ulusi wapamwamba ndi wa m'bobini pa sitichi iliyonse, ndipo mzere wake umakhala wosaduka komanso woonekera patali. Komabe makina si mlendo m'mbiri ya zofundazi. Elias Howe analembetsa makina ake osokera mu 1846, Isaac Singer mu 1851, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 amayi ena anali kusoka kale mizere yowongoka pa zofunda zawo ndi makina opalasa ndi miyendo, ofanana kwambiri ndi amene atelala athu amakhala nawo pakhonde la sitolo. Ulemu wonse unachedwa kubwera, pakuti munali mu 1989 pamene quilt yosokedwa pa makina ya Caryl Bryer Fallert inapambana mphoto yaikulu pa chionetsero cha American Quilter's Society ku Paducah, m'chigawo cha Kentucky, ndipo ena mwa osoka pamanja sanakondwere nazo.

Popeza sitichi yokhayo siingafanane ndi ya dzanja, maonekedwe achikale amachokera ku zinthu zina zitatu, zomwe ndi kajambulidwe ka mizere, kuthithikana kwake, ndi chapakati chimene mwaikamo. Kuthithikana kuli ndi chifukwa chake. Thonje lakale linali longopesa n'kuyala, lopanda chilichonse choligwira, ndipo likachapidwa linkathawira pamodzi n'kupanga mibulu pokhapokha misoko italitsekera pa inchesi imodzi kapena awiri alionse. Chapakati cha masiku ano chimabwera chogwirana kale, ndipo mitundu ina imalola mpata wa mainchesi 10 pakati pa misoko. Mukatsatira chilolezo chimenecho chofunda chidzalimba ndithu, koma chidzaoneka ngati chogula m'sitolo. Chotero ntchitoyi ndi yaikulu kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa chofunda chathu cha masentimita 230 ndi 250, mizere yowongoka yotalikirana masentimita awiri ndi theka imakwana 92, ndiye kuti msoko wotalika mamita 230, ndipo mukaipingasa ndi ina kuti ipange timabokosi mwafika pa mamita 460.

Tiyambe ndi makina wamba a m'nyumba okhala ndi phazi lotchedwa walking foot. Phazi wamba limangotsindira nsalu pamene mano a pansi akukoka, ndipo pa magawo atatu zotsatira zake n'zakuti nsalu yapansi imatsogola, yapamwamba imatsalira, n'kubadwa makwinya pamene mizere ikukumana. Walking foot ili ndi mano akeake pamwamba amene amayenda pamodzi ndi a pansi, kotero magawo onse amapita limodzi. Njira imeneyi ndi yosavuta kuphunzira, siifuna ndalama zambiri, ndipo imatulutsa masitichi ofanana, makamaka mukaika kutalika kwa sitichi pa mamilimita awiri ndi theka kapena atatu. Imayenera kwambiri zofunda zimene ulemerero wake uli m'zigamba. Chitsanzo chabwino ndi quilt ya Jane Stickle ya mu 1863, imene imasungidwa ku Bennington Museum ku Vermont, yokhala ndi timabokosi 169 tosiyanasiyana ndi zidutswa 5,602, ndipo anthu ambiri padziko lapansi amaitsanzira. Pa ntchito yotere diso limafuna kuona zigamba, ndipo msoko wotsata m'mphepete mwa zidutswa kapena wobisala mumpata wa pomwe zalumikizana umakwanira. N'chimodzimodzi ndi Log Cabin, mtundu wa quilt wa timizere ta nsalu tozinga kabokosi kapakati, imene inafala ku America m'zaka za m'ma 1860.

Vuto la walking foot ndi kutembenuza. Phazili limayenda chakutsogolo, ndipo mzere ukakhota, chofunda chonse chiyenera kuzungulira singano. Apa ndi pamene munthu amadziwira kufunika kwa mpata umene uli pakati pa singano ndi thupi la makina, umene ndiutche khwapa la makina. Pa makina ambiri a m'nyumba khwapali ndi la masentimita 15 mpaka 23, ndipo posoka pakati pa chofunda chathu, theka lake, lomwe ndi nsalu ya masentimita 115 ya magawo atatu, liyenera kupanikizidwa m'khwapa limenelo. Mizere yopotana pang'onopang'ono ngati chingwe imatheka, koma zojambula zooneka ngati nthenga ndi mizere yozungulira ngati chigoba cha nkhono zimafuna kutembenuza kosalekeza kumene kumatopetsa mapewa ndi kukoka nsalu mpaka kupotoka.

Pofuna mizere yokhotakhota, anthu amapita ku njira yachiwiri, yotchedwa free motion. Mano a pansi amatsitsidwa kapena kuphimbidwa, phazi limasinthidwa ndi lina lodumphadumpha la mtundu wophatikira zigamba pa zong'ambika, ndipo manja ndiwo amayendetsa nsalu kupita kulikonse, kutsogolo, kumbuyo kapena chammbali, popanda kutembenuza chofunda. Kutalika kwa sitichi kumadalira mgwirizano wa liwiro la phazi lanu pa chopondera ndi liwiro la manja, ndipo mgwirizano umenewu subwera tsiku limodzi. Ndikunena motsindika kuti chofunda chachikulu chimene mwachivutikira miyezi yambiri si malo ophunzirira. Masabata oyamba a chisanu ndi bwino kuwathera pa tizidutswa toyeserera ta nsalu yomweyo, chapakati chomwecho ndi ulusi womwewo, kufikira dzanja litazolowera kukhota kwa nthenga.

Njira imeneyi ndiyo yokha pa makina a m'nyumba imene ingayandikire zofunda za ku Wales. Zambiri mwa izo zinali za nsalu imodzi yopanda zigamba, kapena za zidutswa zikuluzikulu za fulanelo, ndipo kukongola konse kunali m'misoko. Pakati pankakhala chozungulira chachikulu, kenako malire angapo olekanitsidwa ndi mizere iwiriiwiri yowongoka, ndipo m'malirewo munkadzaza masamba, mitima ndi mizere ya chigoba cha nkhono, zonse zotukuka bwino chifukwa chapakati chinali ubweya wa nkhosa. Osoka ena ankayenda famu ndi famu, kugona komweko mpaka zofunda za banjalo zitatha. Amene ali ku Britain angathe kuona ntchito zotere ku St Fagans, malo osungirako zinthu zakale pafupi ndi Cardiff, ndipo ndikulimbikitsa kuti munthu aziona ndi maso asanayambe kujambula zake, chifukwa chithunzi cha pa intaneti sichionetsa kuya kwa misoko. Potsanzira chofunda chotere nzeru ndi kuphatikiza njira ziwirizi, kuti mizere ya malire isokedwe poyamba ndi walking foot n'kugwira chofunda chonse, kenako mkati mwa malirewo mudzazidwe ndi free motion, chigawo chimodzi pa nthawi. Mukatero simulimbananso ndi chofunda chonse, koma ndi kamalo kamene kali pakati pa manja anu awiri basi.

Pa njira ziwirizi mdani wamkulu ndi kulemera. Chofunda chikalendewera m'mphepete mwa tebulo chimakoka singano, masitichi amafupika, mzere umapotoka, ndipo nthawi zina singano imathyoka. Tebulo likankhidwire pakona ya chipinda kuti makoma aletse nsalu kugwera kumbuyo ndi kumanzere, ndipo thabwa lositira litsitsidwe kufika pamsinkhu wa tebulo kuti linyamule gawo lotsala. Ambiri amalangiza kukulunga chofunda ngati mphasa, koma mpukutu wotere umauma ngati chipika ndipo umakana kukhota. Kuunjika nsalu momasuka mozungulira makina kumapatsa manja ufulu woposa. Palinso nzeru ina imene imachepetsa katundu wa m'khwapa, yoti chapakati chidulidwe m'zigawo zitatu, muyambe kusoka chigawo chapakati chokha pamene m'mbali muli nsalu ziwiri zopyapyala, kenako mubwezeretse zigawo zam'mbali n'kuzilumikiza ndi msoko wa dzanja wosasiya mgoma.

Njira yachitatu ndi yosoka chofunda m'zigawo zazing'ono n'kuzilumikiza pambuyo pake. Ena amainyoza kuti si yachikale ndipo imasiya misoko yoonekera kumbuyo, ndipo pa chofunda cha ku Wales cha nsalu imodzi akunena zoona, chifukwa chojambula chapakati sichingadulidwe popanda kuwonongeka. Koma pali mtundu umodzi wa chofunda chakale umene unakhala ngati unabadwira njira imeneyi, ndiwo strippy ya ku Durham ndi Northumberland. Nsalu yake yapamwamba ndi mizere italiitali ya mitundu iwiri yosinthana, kawirikawiri 7 kapena 9, ndipo yofala inali yofiira ya Turkey red ndi yoyera. Mosiyana ndi ku Wales, kumene misoko sinkasamala za mizere ya nsalu, osoka a kumpoto kwa England ankapatsa mzere uliwonse chojambula chakechake choyenda kuchokera kumutu kufika kumiyendo, wina chingwe chopota, wina nthenga yoyenda, wina zoluka ngati tsitsi, wina timabokosi topendekeka. M'midzi ya migodi ya malasha, akazi amasiye ndi akazi a amuna ovulala pantchito ankadyetsa mabanja ndi zofunda zotere kudzera m'magulu amene ogula ankasonkha ndalama sabata ndi sabata mpaka aliyense atalandira chake, ndipo kuyambira mu 1928 bungwe la Rural Industries Bureau linathandiza osoka a ku Durham ndi kumwera kwa Wales kupeza misika ku London. Beamish Museum, ku County Durham, imasunga zofunda zambiri za m'derali.

Popeza chojambula chilichonse chimakhala mkati mwa mzere wake, strippy ya mizere 9 ingagawidwe m'zigawo zitatu za mizere itatu, chigawo chilichonse chotambalala masentimita osakwana 80. Chigawo chotere chimalowa m'khwapa la makina aang'ono popanda nkhondo, chimayalika pa tebulo la kukhitchini, ndipo malo olumikizira amagwera pomwe nsalu ziwiri zinayenera kukumana kale. Polumikiza, nsalu zapamwamba zimasokedwa pa makina, chapakati chimadulidwa kuti mbali ziwiri zingogundana osakwerana, ndipo nsalu yapansi imapindidwa n'kutsekedwa pamanja. Musasoke mpaka m'mphepete mwenimweni mwa chigawo, siyani masentimita angapo oti mudzamalize mukalumikiza. Kwa munthu wokhala m'nyumba yaing'ono, amene amasoka madzulo akaweruka kuntchito, sindikuona njira ina yoposa iyi, ndipo ndi imene ndingasankhe popanda kukayika ngati chofunda chake ndi strippy.

Njira yachinayi ndi makina aakulu otchedwa longarm, opangidwa ndi makampani monga Gammill, APQS ndi Handi Quilter. Apa chofunda chimakungidwa pa chimango cha mamita atatu kapena anayi, ndipo makina ndiwo amayenda pamwamba pake pa timatayala. Khwapa lake limayambira pa masentimita 45 kupita m'tsogolo, sipafunika mapini, ndipo kulemera kwa nsalu sikukhudza mapewa a munthu. Ochepa ndi amene angagule makina otere kapena kupeza chipinda chowaikamo, chotero ambiri amatumiza chofunda kwa mmisiri kapena amabwereka makinawo pa ola m'masitolo a nsalu amene amayamba akuphunzitsani kagwiritsidwe kake. Amisiri ambiri amawerengera mtengo pa inchesi imodzi ya mbali zonse, ndipo chofunda chathu chili ndi mainchesi otere pafupifupi 8,900. Amafunanso kuti nsalu yapansi ndi chapakati zipitirire ndi masentimita 10 mbali iliyonse kuti zigwirike pa chimango, ndipo miyezi ya Novembala ndi Disembala amakhala atapanikizika ndi mphatso za Khirisimasi, kotero Januwale ndi Febuluwale ndiyo nthawi yabwino yowapeza.

Chenjezo langa pa longarm ndi la chojambula. Mtengo wotsika umakhala wa chojambula chimodzi chobwerezabwereza kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete, chosasamala za zigamba kapena malire. Pa chofunda chamakono chimakhala bwino, koma pa strippy chimafafaniza chinthu chenicheni chimene chimaipanga kukhala strippy, ndipo pa chofunda cha maluwa osokerera ngati Baltimore Album za m'zaka za m'ma 1840 chimadutsa pamwamba pa maluwa amene munawasoka ndi chidwi chonse. Ntchito yotsata gawo lililonse payokha imatheka pa longarm ndipo mmisiri waluso amaichita mokongola kwambiri, koma mtengo wake umakwera kangapo. Amene asankha njira imeneyi apite ndi zithunzi za zofunda zakale zimene akutsanzira, agwirizane za ulusi wopyapyala wa thonje, ndipo anene momveka kuti sakufuna mizere yoyendayenda yodzaza malo, imene ndi chizindikiro cha zaka zaposachedwa.

Chapakati chimatha kukonza kapena kuwononga njira iliyonse mwa izi. Cha thonje lokhalokha chimafupika pang'ono pochapa, mwina magawo atatu mpaka asanu pa 100 alionse, ndipo kufupika kumeneko ndiko kumabweretsa timakwinya tachikale timene timabisanso kuuma kwa msoko wa makina. Ndi chopyapyala ndipo chimagwirana ndi nsalu, koma n'cholemera. Cha ubweya wa nkhosa n'chopepuka, chimapanikizika mosavuta m'khwapa ndipo chimatukula nthenga ndi masamba, chotero n'choyenera chofunda cha ku Wales. Cha poliyesita chokhuthala chilekeni, chifukwa chimaterera pansi pa phazi ndipo maonekedwe ake alibe chibale ndi zakale. Ulusi wa thonje wa nambala 50, wa mtundu wofanana ndi nsalu kapena wozimirira pang'ono, pamodzi ndi singano ya nambala 80/12, umapanga mzere wosadzionetsera. Thonje limasiya fumbi lambiri pansi pa bobini, ndipo ndi bwino kupukuta malowo mukamasintha bobini kachiwiri kapena kachitatu.

Chisanu chimalowerera kwambiri pa kumanga magawo atatu musanayambe kusoka ndi pa kujambula mizere. Guluu wopopera ndi wachangu ndipo sasiya chitsulo chotchinga phazi, koma amafuna mazenera otsegula ndipo mpweya wake umayaka moto, kotero si wanzeru m'chipinda chotseka chimene muli hita. Mapini otseka okhota, oikidwa motalikirana ngati kukula kwa chibakera, ndiwo odalirika m'miyezi imeneyi, ngakhale kuti chofunda chonse chimadya mazana angapo ndipo zala zouma ndi chisanu zimapweteka powatseka. Pa zolembera, cholembera cha buluu chochoka ndi madzi chimakhazikika chikakumana ndi kutentha, ndiye chofunda chojambulidwa chisasitidwe kapena kuyanikidwa pa chotenthetsera nyumba. Zolembera za inki yozimirira ndi simbi, monga Frixion, zili ndi vuto lotsutsana ndi limenelo, pakuti inkiyo siichoka koma imangobisala, ndipo imabwerera kukazizira kwambiri, monga chofunda chikagona m'galimoto panja usiku wa Januwale. Choko ndi kampeni kapulasitiki kosathwa kongosiya mzere wopinda, kotchedwa hera, n'zotetezeka, ndipo n'zoyandikana ndi mwambo wakale wokanda mzere pa nsalu ndi nsonga ya singano mozungulira chikombole. Mzere wotere umaoneka bwino kuwala kukachokera chammbali, chotero nyale yoikidwa pansipansi kumanzere kwa makina imathandiza kuposa getsi la kudenga. Kujambula ndi kusankha mtundu wa ulusi zichitike masana a Loweruka kapena Lamlungu, mizere yowongoka yosafuna diso lakuthwa isiyidwire madzulo. Ngati makina amakhala m'chipinda chosatenthetsa, asiyeni afunde kaye ndi kuyenda pang'ono popanda ulusi, chifukwa mafuta ake amalimba ndi kuzizira.

Misoko ikatha ndipo mpendero waikidwa, chofunda chimafuna kuviikidwa m'madzi ozizira opanda sopo kuti inki ya buluu ichoke yonse, kenako n'kuchapidwa kuti thonje lichite timakwinya take. Chofunda cha kukula kumeneku chikanyowa chimalemera kwambiri, ndipo kuchipachika pa chingwe kumakoka misoko, pamene kuchisiya chonyowa masiku angapo m'nyumba yotseka kumapatsa mpata nsalu yofiira kuti isukulukire pa yoyera. Nsalu yofiira ichapidwe payokha musanaidule n'komwe, ndipo ngati mulibe makina aakulu oumitsira, kuchapa komaliza kudikire tsiku lamphepo la mwezi wa Malichi kapena Epulo, pamene mungathe kuchiyala chathyathyathya panja pamwamba pa nsalu ina yoyera.